Galimoto ya Mawaya Igone Pati?

Pakhomo la Mnsenga chinthu chilichonse chili ndi pokhala pake. Khasu limagona kuseri kwa chitseko, mtondo ndi munsi zimakhala pafupi ndi khitchini, njinga imatsamira khoma la pabalaza, mbale zabwino zimadikira alendo m'kabati. Ngakhale nkhuku yofungatira mazira imapatsidwa ngodya yake, ndipo mwana woisokoneza amadzudzulidwa. Koma tafunsani kuti galimoto ya mawaya ya mnyamata wa pakhomopo imagona pati, kapena timiphika tadongo ta mtsikana timasungidwa kuti. Eni nyumba ayamba ayang'anana, kenaka aseka. Ambiri sitiona zinthu za mwana ngati katundu wofuna malo.

Ine ndinakulira m'mudzi wa m'dera la Mfumu Yaikulu Kalindawalo, kumene funso lotere silikanamveka n'komwe. Malo osewerera anali mudzi wonse: pabwalo, pansi pa mitengo ya mango, kudambo, m'minda yokololedwa. Zoseweretsa zinkabwera ndi nyengo. M'dzinja dongo linkafewa, anyamata n'kuumba ng'ombe za nyanga zazitali, ife atsikana n'kuumba timiphika ndi timbale. M'masika tinkabereka zitsononkho kumsana ngati makanda, ndipo mapesi ankasanduka magalasi a m'maso ndi timagalimoto. M'chilimwe tinkamanga tizisakasa ta masanje, kuphika ndiwo zenizeni m'zitini, madzulo n'kukhala pansi kusewera chiyato ndi timiyala tosalala. Nsolo inkangofuna maenje okumba pansi. Zambiri mwa zinthuzi zinkachokera m'nthaka n'kubwereranso m'nthaka, choncho panalibe chodetsa nyumba.

Komabe posungira panalipo. Pansi pa nkhokwe mpamene panali nyumba ya chuma chathu. Mvula sinkafikapo, dzuwa silinkaombapo, ndipo tsache silinkalowapo kawirikawiri. Ng'ombe zadongo zinkauma pamenepo pang'onopang'ono osang'aluka. Anyamata ankasomeka mawaya ndi malegeni awo m'udzu wa denga, kumbuyo kwa gowelo. Palibe wamkulu amene anakhala pansi n'kutigawira malowo, koma aliyense ankadziwa kuti zimene zili pamenepo zili ndi eni ake.

Lero nkhokwe zikuchepa. Chifukwa cha nankafumbwe ndi akuba, mabanja ambiri amatong'ola chimanga, kuchithira mankhwala, n'kuchisunga m'matumba m'nyumba momwe amagonamo. Denga la malata lilibe posomeka kanthu. Amene tili pa boma la Petauke tikukhala pamapuloti ang'onoang'ono, nthawi zambiri m'nyumba za lendi, mipanda ili mbali zonse. Ku Nyimba msewu wa Great East umadutsa pakati penipeni pa tauni, ndipo malole opita ku Chipata ndi kuchipata cha Mwami, kapena okhotera ku Katete kulowera ku Chanida, amapita usana ndi usiku. Njinga zamoto nazo zadzaza m'tinjira tomwe kale ana ankathamangitsamo mikombero. Mayi wanzeru salola mwana wa zaka zinayi kupita kutali. Masewera amene ankamwazikana mudzi wonse apanikizika tsopano pakati pa khomo ndi mpanda.

Zoseweretsa nazo zasintha. Pasalaula pamapezeka zidole zaubweya ndi timagalimoto tapulasitiki, ndipo wachibale wochokera ku Lusaka sabwera chimanjamanja, amadzera ku Kamwala kukagula kamfuti kolira kapena kafoni koimba nyimbo. Izi zikathyoka sizibwerera m'nthaka. Zimangoyendayenda m'nyumba, lero pansi pa bedi, mawa m'mbale ya galu, mkucha pansi pa phazi la bambo amene wadzuka usiku magetsi atazima. Pa Facebook timaona zipinda zathunthu za ana a kumaiko ena, mashelefu a utoto wowala, mabokosi olembedwa maina, kapeti wofewa. Zithunzizo n'zokongola koma zimagwetsa mphwayi, chifukwa munthu amangoti, ine chipinda choterocho ndichitenga kuti? Akatero nkhani yathera pomwepo, ndipo zinthu za mwana zimapitirira kukhala zopanda kwawo.

Pamene ndakhala ndikulera ana anga atatu m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, ndafika pokhulupirira kuti chimene mwana akusowa si chipinda. Akusowa malo amene ntchito yake yosamaliza ingagone mpaka mawa popanda woikhudza.

Taganizirani mmene galimoto ya mawaya imapangidwira. Choyamba mnyamata asake waya, ndipo kusakako kumatenga masiku. Wanga amapita kwa amalume ake, mlongo wanga wokonza njinga pamsika, kukapempha masipoko othyoka ndi chubu chakutha. Waya uja awongoledwe pomukoka pamtengo. Kenaka apinde thunthu la galimoto, mbali ziwirizo zifanane, apo ayi iyenda chopendekera. Polumikiza pamangidwe ndi timizere ta mphira wa chubu. Matayala achokere ku zitini za polishi, zotsekera mabotolo, kapena adulidwe ku patapata wakale. Chovuta koposa ndi chiwongolero: waya wautali wofika m'chiuno mwa mwini wake, wolumikizidwa mwa njira yoti akapotoza dzanja matayala akutsogolo akhote. Zonsezi sizitha tsiku limodzi, makamaka kwa mwana amene ali ndi sukulu m'mawa ndi mbuzi madzulo. Ng'ombe yadongo nayo imafuna kuuma pamthunzi masiku angapo. Mpira wa mapulasitiki, umene ana kuno amautcha chimpombwa, umakula pang'onopang'ono malinga ndi mapepala amene atoledwa.

Tsono m'mamawa kumabwera tsache. Mkazi wa kwathu amanyadira bwalo losesedwa, ndipo n'zoyenera, chifukwa pakhomo pauve pamabwera matenda ndi manyazi. Koma tsache silisiyanitsa chinyalala ndi tayala la galimoto imene ikudikira kumalizidwa. Mwana akadzuka n'kupeza ntchito ya dzulo ili kudzala, amalira pang'ono n'kuiwala, ife n'kumati zatha. Sizinathe. Zikachitika kawirikawiri amaphunzira phunziro limene palibe anafuna kumuphunzitsa: kuti asamayambe chinthu chimene sichingathe dzuwa lisanalowe. Mphasa imene agogo aamuna aluka theka n'kuisiya pakhonde palibe amene amaisonkhezera pamoto poti sinathe. Ntchito ya mwana imafunanso ulemu womwewo.

Ena anganene kuti ndikukuza nkhani ya zidole. Katswiri wa maphunziro a kaganizidwe ka munthu, Robert Serpell, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa University of Zambia nadzakhalanso mkulu wa yunivesiteyo, anafalitsa mu 1979 kafukufuku woyerekeza ana a ku Lusaka ndi ana a ku England. Anawapatsa zithunzi ndi maonekedwe oti atsanzire m'njira zosiyanasiyana. Pojambula ndi pensulo papepala, ana a ku England anapambana. Popinda waya, ana a ku Zambia anapambana. Poumba, magulu awiriwo anafanana. Tanthauzo lake n'loti luso loona chinthu ndi kuchipanganso lili mwa ana onse, koma limakula kudzera m'zimene manja awo azolowera kugwira. Bambo yemweyu anagwira ntchito nthawi yaitali m'midzi ya ku Katete, kwa anansi athu Achewa, ndipo pamodzi ndi anzake anakonza mayeso otchedwa Panga Munthu, amene amayesa kukula kwa nzeru za mwana pomupatsa dongo kuti aumbe munthu. Ngati anthu ophunzira anaona kuti waya ndi dongo n'zoyenera kuyesera nzeru, ndiye kuti zimene timasesa m'mawa uliwonse ndi makope a ana athu.

Kwathu tinakonza nkhaniyi ndi zinthu zinayi, ndipo palibe chimene chinatidyera ndalama zambiri. Choyamba ndi mphasa. Ikayalidwa kumapeto kwa khonde, pamenepo ndi pa ana. Malire ake ndi m'mphepete mwa mphasayo: zimene zili pamwamba pake wamkulu sazisuntha, zimene zagwera kunja mwini wake azitole. Mwana wa zaka zitatu amamva lamulo limeneli msanga kuposa kumuuza kuti usamwaze zinthu, chifukwa malirewo amawaona ndi maso.

Chachiwiri ndi dengu lalikulu limene tinagula pamsika wa pa Luangwa Bridge, pamene mabasi amaima ndipo amayi amagulitsa nsomba zouma ndi zoluka. M'menemo mumalowa zidole zonse zomalizidwa. Tinasankha dengu osati ndowa yotseka chifukwa chimene mwana sakuchiona amachiiwala, ndipo akachikumbukira amakhuthula ndowa yonse pansi kuti achipeze. Dengu ndi lotakasuka kukamwa, mphepo imapita, chinyezi sichikhalitsa. Limakhala pamwamba pa njerwa ziwiri kuopa chiswe, ndipo Loweruka lililonse timalikutumula panja, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene zinkhanira zimafuna pobisala. Achibale athu a kuchigwa, kumbali ya Luembe ndi Nyalugwe, amadziwa bwino za zimenezi kuposa ife.

Chachitatu ndi thumba la ufa lakutha, lopachikidwa pamsomali. Limenelo ndi la mipira, zingwe zodumpha ndi zipangizo: mawaya, zotsekera mabotolo, makatoni, timizere ta chubu. Chachinayi, chimene ndimachiona chachikulu pa zonse, ndi thabwa limodzi limene atate awo a ana anakhoma pakhoma la khonde, pamsinkhu wa phewa la mwana wamkulu. Pathabwapo pamakhala ntchito zosamaliza zokhazokha. Tsache silifikapo, mvula siombapo, khanda silifikira, ndipo ngakhale ine sindichotsapo kanthu popanda kufunsa mwini wake. Chikamalizidwa chimatsikira m'dengu, malo n'kutsalira china. Thabwalo likadzaza, ana okha amakambirana chimene chichoke. Mikangano imakhalapo, koma ndi mikangano yabwino, ya anthu amene akuphunzira kugawana malo ochepa.

Zidole za pasalaula ndi za ku Lusaka sitizitulutsa zonse nthawi imodzi. Zina zimakhala m'sutikesi pamwamba pa kabati, ndipo sukulu ikatsekera timasinthanitsa. Ndaona kuti mwana akakhala ndi zinthu zochepa pamaso amakhala nazo nthawi yaitali, pamene zikachuluka amangogwira ichi n'kutaya, kugwira icho n'kutaya. Chidole chimene chinabisidwa miyezi itatu chimatuluka ngati chatsopano.

Amama atabwera kudzacheza m'mwezi wa Okutobala, titachoka ku mwambo wa Tuwimba, anaima nthawi yaitali patsogolo pa thabwa lija. "Mwanawe," anatero, "kodi muno mwayamba kusunga zinyalala pamwamba ngati mankhwala?"

"Si zinyalala, amama. Ndi ntchito za adzukulu anu."

Anatola kamphika kadongo ka mwana wanga wamkazi, n'kukatembenuza uku ndi uku. "Aka pansi pake n'pochindikala kwambiri, kang'aluka pouma. Tamuitana ndimuonetse." Madzulo amenewo mtsikanayo anakhala pamphasa ndi ambuya ake, akuphunzira kukanya dongo, kulichotsa timiyala, ndi kuphimba kamphika ndi tsamba la nthochi kuti kasaume mothamanga. Luso limenelo amama anali nalo zaka zonsezi, koma sakanalipereka kamphikako kakanakhala kali kudzala. Ntchito ya mwana ikakhala poonekera, akulu amapeza poyambira kuphunzitsa. Amalume ake a mnyamata nawo akafika amayamba ayang'ana pathabwa, n'kunena pamene chiwongolero chikulakwika.

Khonde ndi labwino miyezi yambiri, koma chaka chili ndi nyengo ziwiri zovuta. Yoyamba ndi dzinja, pamene mvula yamphepo imalowa mpaka pakhomo. Yachiwiri ndi nthawi yokolola, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene matumba a makilogalamu 50 a chimanga chodikira msika wa Food Reserve Agency, matumba a mtedza ndi mpendadzuwa, ngakhale thonje lodikira ogula, zimalanda khonde ndi ngodya iliyonse ya nyumba. Sindidandaula nazo. M'chaka cha chilala cha 2024 malo m'nyumba anali mbwee, koma palibe amene anakondwa nawo. Nyengo zoterezi zikafika, mphasa imasamukira pabalaza.

Apa mpamene ambiri timakakamira. Pabalaza ndi chipinda chachikulu ndi chowala koposa m'nyumba, koma timachisungira alendo amene amabwera mwa apo ndi apo. Mipando yavekedwa nsalu zoluka, kabati wadzaza mbale zosadyera, ndipo ana, amene amakhala m'nyumbamo tsiku lililonse, amauzidwa kuti tulukani mudetsa. Ulemu kwa alendo ndi mwambo wathu ndipo sindikuutsutsa. Koma mphasa imapindika m'kanthawi kochepa. Mlendo akaodira, ana amanyamula zinthu zawo kuika m'dengu, mphasa n'kuimikidwa kuseri kwa mpando. Sindinaonepo mlendo wokhumudwa chifukwa chopeza kuti m'nyumba ya ana mumaseweredwa.

Kupatsa ana malo kumathandizanso kuona zimene akusewera nazo, ndipo kuno kwa alimi nkhaniyi si yaing'ono. Mabotolo a mankhwala a thonje ndi a mankhwala osungira chimanga ndi olimba, okongola, ndipo mwana amawaona ngati thanki ya galimoto kapena chigubu cha masanje. Ngakhale atsukidwe, sayenera kufika m'manja mwa mwana. Abooledwe n'kutayidwa kumene ana safika. Parafini asasungidwe m'botolo la zakumwa. Timabatire tozungulira ta m'zidole zolira ndi mawotchi n'toopsa kwambiri: kakamezedwa n'kutsakamira kum'mero, kamatha kuwotcha m'kati m'maola awiri okha, ndipo mwana wotero athamangire naye kuchipatala osadikira kuti kuche. Nsonga za waya zipindidwe, chifukwa bala la waya wadzimbiri likhoza kubweretsa kafumbata. Tayala lakale limene ana amagubuduza lisasiyidwe pamvula kusunga madzi oswanirana udzudzu. Mbaula ndi ndowa yamadzi zikhale kutali ndi mphasa ngati pali khanda lokwawa. Timikanda, timiyala ta chiyato ndi zotsekera mabotolo za ana akuluakulu zikhale pamwamba, poti mwana wosakwana zaka zitatu chilichonse amapititsa kukamwa. Zinthu zikakhala pamalo amodzi, kholo limaziyendera ndi maso madzulo alionse. Zikamwazikana kuseri kwa nyumba ndi m'mipanda, ngozi imadziwika itachitika kale.

Pali vuto lina limene zithunzi za kunja sizionetsa. Kwathu mwana sasewera yekha. Mphasa ikayalidwa, ana a pakhomo loyandikana afika, ana a mng'ono wanga afika, ndipo paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zidole zimayenda, zina sizibwerera. Ife tinagwirizana kuti za m'dengu ndi za aliyense wobwera, bola zibwerere m'dengu dzuwa likamalowa, koma za pathabwa zili ndi mwini mmodzi ndipo wofuna kugwira apemphe. Mwana amene ali ndi kanthu kamodzi kamene amadziwa kuti palibe angamulande savuta kubwereketsa zinazo.

Ndiyenera kunenanso za atsikana. Galimoto ya mawaya imaoneka kuti ndi chinthu, ndipo ngakhale bambo wouma mtima amaitola n'kuiyamikira. Koma chuma cha mtsikana, zitini, tizidutswa ta chitenje, chitsononkho chovekedwa kansanza, chimafanana kwambiri ndi zinyalala, ndipo ndicho chimayamba kutayidwa. Nthawi yake yosewera nayo ndiyo imayamba kudulidwa: abereke mwana, atunge madzi, atsuke mbale, mlongo wake ali pampira. Ntchito zapakhomo n'zofunika kwa ana onse, ndipo m'mera mpoyamba. Koma pathabwa pathu theka ndi la mtsikana, ndipo tsiku lina ndinapezapo galimoto ya mawaya yachiwiri, yopindika pang'ono, imene anapanga yekha atatha masabata akuonerera mlongo wake.

Boma lachitapo mbali yake. Kuyambira Januwale 2022 maphunziro ndi aulere m'sukulu za boma kuchokera ku sukulu zamkaka mpaka kusekondale, ndipo sukulu zambiri zapulaimale zili ndi kalasi ya ana aang'ono kumene aphunzitsi amaphunzitsa kuwerenga ndi zotsekera mabotolo, timitengo ndi njere, zomwezo zimene kunyumba timazitcha zinyalala. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene dziko la Zambia linavomereza mu 1991, limanena m'ndime 31 kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi kusewera. Kuyambira 2024, pa 11 Juni pamakumbukiridwa tsiku la masewera a ana padziko lonse. Zonsezi n'zabwino, koma mwana amakhala kusukulu maola ochepa chabe, ndipo pangano lovomerezedwa ku New York silingaletse tsache la pakhomo panga. Ufulu wosewera umafuna pansi poti mwana akhalepo ndi pamwamba poti aikepo chimene wapanga. Zimenezo amapereka ndi makolo.

Inu amene mukuumba njerwa chilimwe chino, muuzeni mmisiri akulitseko khonde ndi phazi limodzi kapena awiri, ndipo mbali imodzi ikhale yotchingidwa ku mvula. Inu amene muli m'nyumba ya lendi, simukusowa chilolezo cha mwini nyumba kuti muyale mphasa ndi kusanjika thabwa pa njerwa. Muitaneni mwana, mumuonetse malowo, mumuuze pamaso pa onse a m'nyumba kuti apa ndi pako ndipo palibe adzasesapo. Kenaka sungani mawu anuwo, ngakhale tsiku limene pathabwapo padzadzaza zinthu zimene inu simukuona ntchito yake.